Njinga Ikafika Pachitunda: Kupalasa Kapena Kukankha?

Pa 21 July 1910, opalasa njinga a mumpikisano wa Tour de France anakumana ndi zomwe anali asanazionepo. Okonza mpikisanowo anawalozera kumapiri a Pyrenees, kumalire a France ndi Spain, kuti ayende makilomita 326 tsiku limodzi, kuchoka ku Luchon kukafika ku Bayonne. Panjira panali zitunda zinayi zikuluzikulu: Peyresourde, Aspin, Tourmalet ndi Aubisque. Chimake chinali Tourmalet, chomwe msewu wake umakwera mpaka mamita 2,115, ndipo masiku amenewo unali wafumbi ndi miyala yokhayokha.

Njinga za ambiri a iwo zinalibe magiya oti munthu n'kusintha ali pachishalo. Gustave Garrigou anakwera Tourmalet yense osaponda pansi, ndipo anamupatsa mphoto ya mafranc 100 chifukwa cha chamuna chimenecho. Koma woyamba kufika pamwamba sanali iyeyo. Anali Octave Lapize, amene pena ankapalasa, pena ankatsika n'kumakankha njinga yake. Pofika pa Aubisque ali wefuwefu, Lapize anawalalatira akuluakulu a mpikisano kuti ndi anthu akupha. Kulalata kuli apo, iye ndi amene anapambana tsikulo, ndipo chikho cha Tour yonse ya chaka chimenecho chinapitanso kwa iye.

Mkangano wa Garrigou ndi Lapize sunathe mpaka lero. Mumaumva pakati pa azungu opalasa njinga zodula, mumaumvanso pasiteji ya kabaza. Ena amati wotsika njinga pachitunda wagonja. Ena amati kulimbana ndi mapedulo pamene munthu wapansi akukupitirira ndi uchitsiru. Nkhaniyi ili ndi masamu ake, ndipo masamuwo amakomera mbali zonse ziwiri, koma pa zitunda zosiyana.

Pathyathyathya ndi pokwera

Pamsewu wathyathyathya palibe chotsutsana. Munthu woyenda pansi, phazi lililonse limene waponya, thupi lake limakwera pang'ono n'kutsikanso, mwendo umathamangira kutsogolo n'kuima, winawo n'kuyambapo. Zonsezi zimadya mphamvu. Wapanjinga wakhala pachishalo, kulemera kwake kwasenzedwa ndi matayala, ndipo ngakhale atasiya kupalasa kwa kanthawi njinga imangopitabe. N'chifukwa chake paulendo wofanana, wopalasa modekha amawononga mphamvu yochepa kangapo konse poyerekeza ndi wapansi. Zomubweza m'mbuyo ndi ziwiri zokha: mphepo imene akuiboola, ndi kukhuzana kwa matayala ndi msewu.

Chitunda chimabweretsa chachitatu, chomwe chimaposa ziwirizo msewu ukangoyamba kuima. Ichi ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Kukweza thupi la makilogalamu 70 m'mwamba mamita 100 ndi ntchito imodzimodzi, kaya mwadzera pamasitepe, pamakwerero kapena panjinga. Gudumu silichotsapo kanthu pa ntchito imeneyo. Choipa china n'chakuti njinga nayonso iyenera kukwezedwa. Chitsulo chimene chimakunyamulani pansi paja chasanduka katundu wanu: makilogalamu 20 kapena kuposa ngati ili njinga yakabaza, 6.8 ngati ili yampikisano yopepuka mpaka pamene malamulo a UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga, amalekezera.

Omanga misewu amayeza kuima kwa chitunda m'maperesenti. Msewu ukakwera mamita 10 pa mamita 100 alionse opita kutsogolo, amati ndi 10 peresenti. Manambalawa amaoneka aang'ono papepala. Chitunda cha 5 peresenti mumachimva kale m'ntchafu. Cha 10 chimakudzutsani pachishalo. Cha 20, mukachiyang'ana muli m'munsi, mumayamba mwafunsa ngati palibe njira ina yolambalala.

Zimene magiya amachita

Anthu ambiri amaganiza kuti giya yopepuka imachepetsa ntchito. Siitero. Imangoigawa. Thumba la chimanga mungalikweze m'nkhokwe pogwira kamodzi ngati msana ukulola, kapena mungamatape m'ndowa maulendo angapo. Chimanga chokwera n'chomwecho. Chasintha ndi kulemera kwa ulendo uliwonse.

Tiyeni tiwerenge mano. Njinga yakale yopanda magiya, ya mtundu umene wadzaza m'misika yathu, nthawi zambiri imakhala ndi mano 44 kapena 46 pagudumu lakutsogolo la tcheni, ndi mano 18 kapena 20 pakagudumu kakumbuyo. Titenge 44 ndi 18. Mapedulo akazungulira kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira kawiri ndi theka, kuperewera pang'ono. Tayala la mainchesi 28 limayenda mamita pafupifupi 2.2 pakuzungulira kumodzi. Choncho kupalasa kamodzi kumakusunthani mamita 5.4. Pamsewu wosalala zimenezi n'zokoma kwambiri.

Tsopano njinga yamagiya, ya mtundu wokwerera mapiri, ikhoza kukhala ndi mano 22 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, patayala la mainchesi 26. Kupalasa kamodzi kumakusunthani mamita 1.3 okha. Mupalasa kanayi pamene mnzanu uja wapalasa kamodzi, koma phazi lanu likukankha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu imene iye akufunika.

Apa pali kamasamu kamene kamafotokoza zomwe timaona tsiku ndi tsiku pamsewu. Munthu akaimirira pamapedulo, chimene chikuyendetsa njinga ndi kulemera kwa thupi lake. Pedulo imatsika masentimita pafupifupi 35 kuchoka pamwamba kufika pansi, ndipo pakuzungulira kumodzi izi zimachitika kawiri, kumanja ndi kumanzere. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 70 ali ngati akugwetsa thupi lake masentimita 70. Kugwa kumeneku ndiko kuyenera kukweza iye ndi njinga yake, makilogalamu 90 pamodzi. Kungawakweze masentimita pafupifupi 54 basi. Pa mamita 5.4 amene njinga yayenda, masentimita 54 ndi 10 peresenti ndendende. Kupitirira pamenepo, kuimirira kokha sikukwanira. Ayenera kukoka mahandulo ndi manja kuti apanikize pedulo kuposa kulemera kwake, njinga ikupendekera uku ndi uku, tcheni chikulira.

Muikeni katundu wa makilogalamu 100 pakaliyala, kaya ndi matumba a makala, mtolo wa nkhuni, kapena mayi ndi dengu lawo la tomato. Zokwezedwa zafika makilogalamu 190, koma chopondera pedulo chikadali thupi lomwe lija la makilogalamu 70. Malire atsika kufika pa 5 peresenti, mwinanso osakwana. Wamakala amene mumamuona akukankha njinga pakachitunda kamene inu pagalimoto simunakazindikire n'komwe si waulesi ayi. Mano 44 ndi 18 amukaniza. Mutamupatsa giya ija ya mamita 1.3, malire omwewo angakwere kanayi.

Pali vuto linanso la giya yolemera. Pa liwiro la munthu woyenda pansi, makilomita 5 pa ola, njinga ya mamita 5.4 imafuna kuti mupalase maulendo 15 okha pamphindi, kuzungulira kumodzi pa masekondi anayi. Pedulo ikafika pamwamba penipeni, ina ili pansi penipeni, phazi silikhala ndi pokankhira. Pathyathyathya liwiro limakudutsitsani pamalo akufa amenewa musanawazindikire. Pachitunda njinga imafuna kuima pomwepo, ndipo kupalasa kulikonse kumakhala ngati kuyamba ulendo. Maondo ndi amene amalipira. Wagiya yopepuka, pa liwiro lomwelo, amapalasa maulendo 60 ndi kuposa pamphindi, mmene minofu ya miyendo imagwirira ntchito bwino.

Pamene phazi limaposa gudumu

Tinene kuti magiya alipo okwanira, opepuka mmene mungafunire. Kodi pamenepo njinga imapambana nthawi zonse? Akatswiri atatu a ku Italy, Luca Ardigò, Franco Saibene ndi Alberto Minetti, anafufuza zimenezi ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 2003 m'magazini ya sayansi ya European Journal of Applied Physiology. Anatenga anthu 7 okonda kupalasa njinga n'kuwaika pamakina a lamba woyenda, amene munthu amayendapo ali pamalo amodzi. Ankapendeketsa makinawo mosiyanasiyana, n'kumayeza mphamvu imene thupi likuwononga poyenda, pothamanga ndi popalasa.

Anapeza kuti njinga imasunga mphamvu kuposa miyendo mpaka chitunda chitafika pa 13 mpaka 15 peresenti. Kupitirira apo, kuyenda pansi ndiko kotchipa. Chifukwa chake si chovuta kumva. Msewu ukaima kwambiri, pafupifupi mphamvu yonse imapita ku ntchito yokweza thupi, ndipo pa ntchito imeneyo minofu imabweza gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu imene yadya, kaya mukuponda pedulo kapena mukuponda nthaka. Mwayi umene gudumu linali nawo wasungunuka, kwatsala kulemera kwa njinga.

Koma wapansi wa mukafukufukuyu anali chimanjamanja, pamene wapanjinga sangaisiye njinga yake m'munsi mwa phiri. Ofufuzawo anaganizira zimenezi. Anasenzetsa mmodzi mwa anthuwo katundu wolemera ngati njinga, ndipo malire aja anakwera kufika cha pa 20 peresenti. Nambala yachiwiriyi ndiyo yofunika kwa munthu amene ali kale paulendo. Ngati muli ndi njinga ndipo magiya ake ndi opepuka mokwanira, pa zitunda zambiri zimene mungakumane nazo pamsewu wa tala kukhalabe pachishalo kumakupindulirani. Kutsika kumayamba kulipira pa zitunda zoima modabwitsa. Munthu mmodzi si gulu, ndipo kusenza katundu n'kosiyana pang'ono ndi kukankha njinga, choncho 20 ameneyu timutenge ngati chizindikiro cha dera limene malire ali, osati mzere wojambula pamsewu.

Kukankhako nakonso si kwaulere. Thupi limakhala chammbali, msana wopindika, manja onse ali kumbali imodzi. Pedulo imakudikirirani kuti ikumenyeni pamsongolo. Njinga ikakhala ndi katundu wosanjikiza mpaka kupitirira mutu, theka la mphamvu yanu limathera pa kuigwira kuti isagwe. Onani mmene amakala amachitira: dzanja lina pahandulo, lina kumbuyo pathumba, phewa litatsamira katundu, mutu uli pansi, mapazi akukumba m'mbali mwa tala.

Mapapo ndi kusagwa

Mphamvu yowonongeka paulendo ndi nkhani imodzi. Liwiro limene munthu angaitulutsire ndi nkhani ina, ndipo apa anthu timasiyana. Munthu wamba wathanzi amatha kutulutsa mawati cha m'ma 150 kwa nthawi yaitali ndithu. Katswiri wa mipikisano ikuluikulu amatha kugwira mawati 400 kwa theka la ola kapena kuposa. Ndi mawati 150, munthu ndi njinga olemera makilogalamu 90 amakwera m'mwamba mamita pafupifupi 600 pa ola. Pachitunda cha 10 peresenti, amenewo ndi makilomita 6 pa ola. Pa 20 peresenti ndi makilomita atatu okha. Palibe giya imene ingasinthe nambala imeneyi, chifukwa yachokera m'mapapo ndi mumtima.

Pa makilomita atatu pa ola, njinga siifuna kuima chilili. Chimene chimaigwira kuti isagwe ndi timakhotedwe ting'onoting'ono ta handulo tomwe timabweza matayala pansi pa thupi, ndipo timagwira ntchito msanga njinga ikakhala ndi liwiro. Ikamayenda mwakachetechete chonchi, handulo imayamba kugwedezeka, wokwera amadzandira msewu wonse. Mukakhala pachishalo tayala lakutsogolo limafuna kunyamuka. Mukaimirira n'kuweramira kutsogolo, lakumbuyo limapepukidwa n'kuyamba kuterereka, makamaka pamchenga, pamiyala kapena pamatope. Mukangoponda pansi kamodzi, kuyambiranso pamalo otero n'kovuta zedi. Katswiri uja, pachitunda chomwecho, akuyenda makilomita 10 pa ola ndipo mavuto amenewa sakumukhudza. Chitunda chimodzi chimapereka mayankho awiri kwa anthu awiri.

Ngakhale akatswiriwo ali ndi powalekezera. Mumpikisano wa Tour of Flanders ku Belgium muli kachitunda kotchedwa Koppenberg. N'kakafupi, mamita pafupifupi 600, koma n'kopapatiza, koyala miyala, ndipo pena kamaima mpaka 22 peresenti. Mmodzi akaphonya n'kuponda pansi, onse a m'mbuyo mwake amatsika. Mu 1987 Jesper Skibby wa ku Denmark, ali patsogolo yekha, anagwa pamenepa, ndipo galimoto ya akuluakulu a mpikisano inaponda njinga yake pofuna kupatsa njira gulu lobwera m'mbuyo. Koppenberg anamuchotsa mumpikisano mpaka 2002. Mu 2024 kunagwa mvula, miyala inaterera, ndipo anthu anaonera pa TV akatswiri odziwika dziko lonse akukankha njinga zawo, nsapato zawo zolimba kunsi zikutsetsereka pamiyala. Mathieu van der Poel anali mmodzi mwa ochepa amene anakwera osatsika. Anawathawira pomwepo ndipo sanamupezenso. Tsiku limenelo mbali ya Garrigou ndi imene inaseka.

Msewu wa Baldwin Street mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, umene buku la Guinness limautcha woima kwambiri padziko lonse, umafika 34.8 peresenti. Kumtunda kwake anathira konkire m'malo mwa tala, poopa kuti tala angamasungunuke n'kuyenderera kukatentha. Alipo amene amaukwera panjinga pofuna kudziyesa mphamvu, koma m'mbali mwake muli masitepe, chifukwa ngakhale phazi limafuna pamalo athyathyathya poti liponde.

Pakati pa kupalasa molunjika ndi kutsika pali njira yachitatu, imene mwana aliyense amaitulukira yekha: kukwera mokhotakhota, kuchoka mbali ina ya msewu kupita ina. Mukatalikitsa njira kawiri, kuima kwa chitunda kumatsika ndi theka. Ndi nzeru yomweyo imene anagwiritsa ntchito amishoni a Robert Laws pokumba msewu wa Gorodi, wochoka ku Chitimba m'mbali mwa nyanja kukwera ku Livingstonia, umene uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Panjira yakumudzi kukhotakhota kulibe vuto. Pa M1 pamene pakudutsa mathiraki ndi maminibasi, ndi njira yachidule yopitira kuchipatala.

Chifukwa chiyani magiya anachedwa

Magiya a njinga si achilendo. Kampani ya Sturmey-Archer ya ku Nottingham inayamba mu 1902 kupanga magiya atatu obisika m'kati mwa habu yakumbuyo, ndipo njinga zambiri za Raleigh zinkabwera nawo. Ku Saint-Étienne ku France, Paul de Vivie, amene ankalemba nkhani ndi dzina loti Vélocio, anatha zaka zambiri akuyesa ndi kulalikira njira zosunthira tcheni kuchoka pa kagudumu kena kupita pa kena. Koma Henri Desgrange, mkulu woyendetsa Tour de France, ankaona magiya ngati chinyengo choyenera okalamba ndi ofooka. Kwa zaka zambiri opikisana ankakhala ndi timagudumu ta mano mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo. Akafika m'munsi mwa phiri ankatsika, kumasula tayala, kulitembenuza, kulimanganso, n'kupitiriza. Magiya osintha uli pachishalo anawalola kwa onse mu 1937, chaka chimene anapambana Roger Lapébie.

Maganizo a Desgrange sanafe naye. Kwa zaka makumi angapo pambuyo pake, opalasa ambiri ankachita manyazi kuoneka ndi kagudumu kakakulu kumbuyo, ndipo ankalolera kuphwanya maondo. Lero akatswiri omwe amaika magiya opepuka akamapita kuphiri ngati Angliru ku Spain, limene linalowa mumpikisano wa Vuelta mu 1999 ndipo pena limapitirira 23 peresenti. Njinga zatsopano zokwerera mapiri zimabwera ndi gudumu la mano 50 kapena 52 kumbuyo, lalikulu kuposa lakutsogolo. Kwa ine, manyazi a giya yopepuka ndi manyazi a kutsika njinga ndi matenda amodzi, ndipo onse amagwira kwambiri anthu amene sapalasa kuti apeze chakudya.

Kwathu kuno chimene chimaletsa magiya si manyazi. Ndi ndalama ndi fumbi. Kachitsulo kosunthira tcheni kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo njinga yolemedwa ikagwa kamodzi kamapindika. Tcheni cha njinga yamagiya n'chopyapyala, chimatha msanga ndi mchenga komanso katundu. Njinga zakaunjika zochokera kunja zimabwera ndi magiya a mitundumitundu, ndipo chikathyoka chinthu, wokonza njinga wapansi pa mtengo sakhala nacho chofanana nacho. Kawirikawiri amangodula tcheni, kuchikoleka pa kagudumu kamodzi, njinga n'kukhala yopanda magiya ngati zinzake. Wakabaza amene akuwerengera ndalama ya tsiku amasankha njinga imene sipeya wake amapezeka pamsika uliwonse, n'kuvomera kuti pa zitunda zina iye ndi kasitomala wake adzayenda pansi. Ena amapita pakati: amaika kagudumu kakumbuyo ka mano 20 kapena 22 m'malo mwa 18. Ndi mano 22, kupalasa kamodzi kumatsika kuchoka pa mamita 5.4 kufika pa 4.4. Amataya liwiro pathyathyathya, koma amakwera zitunda zina zimene kale ankatsikira.

Bungwe la World Bicycle Relief, limene njinga zake za Buffalo zimapezeka ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, linakhala zaka zambiri likupanga njinga ya giya imodzi pa zifukwa zomwezi, ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Mu 2024 linatulutsa mtundu wina wotchedwa S2, wa magiya awiri. M'malo moika kachitsulo kolendewera kaja, anaika matcheni awiri, china cha giya yolemera, china cha yopepuka, ndipo wokwera amasintha pongobweza mapedulo m'mbuyo pang'ono. Tcheni chimodzi chikaduka, chinacho chimakufikitsani kunyumba. Giya yachiwiriyo siipepuka ngati ya njinga yokwerera mapiri, choncho wonyamula matumba atatu a makala adzatsikabe pachikweza cha Golomoti kapena cha Chiweta, kungoti adzatsikira patsogolo pang'ono kuposa pamene ankatsikira kale.